Mapazi Makumi Awiri Chafutambuyo

Kwa zaka ziwiri zathunthu, aliyense wodutsa pakhomo pa a Wendell Sorby kuno ku Dillon ankamva kugogoda m'shedi. Wogogodayo sanali a Wendell ayi. Anali akazi awo, mayi Lorna, amene anaika mtima wonse pa ntchito youkitsa kalavani ya malemu bambo awo. Inali kalavani yakale ya malata onyezimira, yaing'ono, yokwana bedi limodzi, kathebulo ndi kasitovu. Inakhala m'shedimo zaka makumi awiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Mayiwo anachotsa matabwa onse owola, anaika atsopano, anamata denga, anasoka makatani achikasu. Chimodzi chokha ndicho sanachikhudze: thabwa la m'mbali mwa chitseko. Pa thabwa limenelo bambo awo, a Haugen, ankaimikapo ana awo awiri chaka chilichonse akapita kukagona kunkhalango, n'kulemba ndi pensulo pamene mutu wafika. Lorna 1968. Boyd 1968. Lorna 1969. Mizereyo inakwera choncho mpaka chaka chimene Boyd, wamng'ono, anapitirira mlongo wake, ndipo pambali pa mzere umenewo mkuluyo analembapo kuti, "Lorna wakwiya."

A Wendell ankathandiza monga momwe mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito angathandizire, kugwira tochi ndi kubweretsa khofi. Musandimve molakwa, anali munthu wabwino. Theka la tauni ino linaphunzira kugawa ndi kuchulukitsa m'manja mwawo. Koma kugogoda kulikonse kwa m'shedimo kunkawagunda pamtima, chifukwa anali ndi chinsinsi chimene anachifungatira zaka makumi atatu ndi zisanu. Bambowa sankatha kubweza galimoto m'mbuyo ikakhala kuti ikukoka ngolo.

Kwina zimenezi si nkhani. Koma kuno, kumene mtsikana wa kusekondale amalowetsa ngolo ya mahatchi pageti chafutambuyo uku akudya sangweji, mwamuna wosatha zimenezi ali ngati msodzi woopa madzi. A Wendell anakulira mumzinda, ku Spokane, ndipo kuno anabwera ndi ukwati. Anayesapo kamodzi kokha, chaka choyamba cha banja, potsetsera boti la apongozi awo m'damu. Anakhotetsera kumanja, ngolo inapita kumanzere. Anakhotetsera kumanzere, ngolo inapindika n'kudzamenya galimoto m'nthiti. Anthu anali mbwee m'mbali mwa damulo. A Haugen anangolavula, n'kutsegula chitseko, n'kulozera ndi chibwano kuti mkamwini asendere uko. Mkuluyo anamwalira kalekale, koma kulavula kumeneko a Wendell ankakumvabe m'makutu.

Kuyambira tsiku limenelo anasanduka katswiri wozemba. Ankauza anthu kuti iwo amakonda tenti chifukwa munthu umamva kununkhira kwa dothi. Akabwereka ngolo yotayira zinyalala, ankaimasula pamsewu n'kuikankha ndi manja mpaka pabwalo, ati kulimbitsa msana. Njira iliyonse yozungulira m'chigwa chino ankaidziwa pamtima, moti akanatha kufika kulikonse osabwerera m'mbuyo ngakhale phazi limodzi.

Kalavani ija inatha chakumapeto kwa Okutobala, masamba a m'phiri atachita chikasu.

"Loweruka tikupita," anatero mayi Lorna pa chakudya cha m'mawa. "Tikagona kudambo la ababa, kuseri kwa phiri."

A Wendell anameza khofi ngati mankhwala. "Bwanji osayamba ndi malo olipira aja a m'mbali mwa msewu waukulu? Madzi alipo, magetsi alipo, ndipo umangolowera uku n'kutulukira uko."

"Madola makumi anayi kuti ndikagone pafupi ndi jenereta ya munthu wina? Ndakana. Nkhalango ndi ya boma, ndipo boma ndi ife tomwe. Umaima pamene wapeza mafuwa akale, masiku khumi ndi anayi, osapereka olo senti. Madzi titunga kumtsinje, chimbudzi fosholo ilipo. Mukuopa chiyani, zimbalangondo?"

"Ine? Kuopa?"

"Ndiye idyani mazirawo, akuzizira."

Loweruka linacha bwino, kunja kuli ngwee. Kupita kutsogolo a Wendell anali dalaivala wosaneneka, ndipo pikapu yawo inatuluka m'tauni monyadira, kalavani ikunyezimira pambuyo, anthu akuimba mahutala. Anasiya tala n'kulowa msewu wa miyala. Pageti lolowera m'nkhalango panali chikwangwani chokumbutsa kuti getilo limatsekedwa pa 1 Novembala mpaka chipale chofewa chitasungunuka, koma ndani amawerenga zikwangwani pa tsiku lokoma? Mayi Lorna anali atatsitsa galasi, akuloza uku ndi uku. Apa ndi pomwe Boyd anagwera m'madzi ndi nsapato zatsopano. Apo ndi pomwe amayi anathamangitsira chimbalangondo ndi chiwaya. Nkhope yawo inali ya mtsikana wamng'ono, ndipo a Wendell ataiona anakondwa zenizeni, mpaka kuiwala pang'ono chimene chinali kumbuyo kwawo.

Ogona kunkhalango ali ndi lamulo limodzi losalembedwa, ndipo ngakhale mlendo wa dzulo amalidziwa: usalowetse kalavani m'njira imene sunaone pothera pake. Isiye pamphambano, pita ndi miyendo, kaone potembenukira, ndiye ubwere udzaitenge. Kulibe wokufunsa ndalama kumeneko, komanso kulibe wokukonzera malo.

"Imani! Imani! Ndi apo! Tapitirira!" anakuwa mayi Lorna.

A Wendell anaponda buleki. Kanjira kopita kudambo kanali katabisika ndi timitengo ta paini timene tinamera m'zaka zimene banjali silinabwereko. Anasuzumira pagalasi. Kanjirako kanali pomwepo, kumbuyo kwa kalavani, mapazi makumi awiri basi.

"Tangobwererani pang'ono," anatero mayiwo, akutolera kale zikwama.

Msewu unali wowongoka ngati chingwe. Kunalibe munthu, kunalibe ngakhale ng'ombe yoti n'kuwaseka. Akanangoti, "Mkazi wanga, ine izi sinditha," nkhani ino ikanathera pomwepo, inu n'kupita kukachita zina. Koma pakamwa panatuluka zina.

"Ndikudziwa malo abwino kuposa amenewo, kutsogoloku."

"Inuyo? Munafikako liti kuno?"

"Ndinaona pamapu."

Mayi Lorna anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anabweza zikwama zija pansi n'kuti, "Chabwino."

Nzeru ya a Wendell inali yakuti misewu ya m'nkhalango imakonda kuzungulira, ndiye pena pake apeza pokhotera osabwerera m'mbuyo, abwere kudamboko kuchokera kumtunda, anene kuti malo aja apeza muli anthu. Masamu ake anali abwino papepala. Koma msewu unangokwera, n'kukwerabe, osagawikana. Atayenda mamailosi awiri anatulukira pabwalo pamene kale magalimoto onyamula mitengo ankatembenukirapo. Linali bwalo lokwanira kutembenuka munthu atabweza kamodzi, koma losakwanira kuzungulira. Ndipo pakati pa bwalolo, atsamira pikapu yodzaza nkhuni, panali munthu womaliza amene a Wendell akanafuna kukumana naye pa dziko lapansi: mlamu wawo, Boyd Haugen.

Boyd ndi woweta ng'ombe, wamtali, wa pakamwa posatseka. Mtima woipa alibe, koma chiyambire ukwati wa mlongo wake sanawaitanepo a Wendell ndi dzina. Kwa iye ndi "aphunzitsi" kapena "alamu", ndipo mawu onsewa amawatchula ngati nthabwala.

"Eee! Taonani mmene yanyezimirira!" anakuwa Boyd, akuzungulira kalavani ija ndi kuisisita. "Achemwali, mwaiukitsadi! Mpaka makatani! Thabwa lathu lija lilipo?"

"Lilipo. Ukadali wamtali, usadandaule."

"Ndi mpaka imfa zimenezo. Koma alamu, mukupita nayo kuti? Dambo mwalisiya kumbuyotu."

"Tikufuna tione kaye malo ena," anayankha a Wendell, maso ali kutsogolo.

"Malo ake ati? Kumtundaku msewu unakokoloka chaka chatha. Potembenukira pomaliza ndi pano. Lowetsani matako akewo apo pakati pa mitengo iwiriyo, mutulukire komwe mwachokera. Ine ndiima kumbuyo ndizikukodolani."

A Wendell anayang'ana mitengo iwiri ija. Mpata wake unali woti basi n'kudutsa, koma kwa iwo unkaoneka ngati diso la singano.

"Kapena ndikutembenuzireni ndine?" Boyd anaseka chikhakhali. "Masamu ake avuta, aphunzitsi?"

Ndikunenetsa kuti Boyd sankadziwa kanthu. Ankangobwebweta monga mwa nthawi zonse. Koma kuseka kwake n'kofanana ndi kwa bambo ake, ndipo a Wendell anamva makutu akutentha.

"Ndikudziwa chimene ndikuchita, alamu."

"Wendell," anatero mayi Lorna motsitsa mawu, "bondo lanu lija silikuwawa? Ndigwireko chiwongolero pang'ono, mupume."

Umenewo unali mlatho, womangidwa bwinobwino, woti munthu n'kuwolokerapo ulemu wake uli m'manja. A Wendell anauona, ndipo anaukana. "Bondo langa lili bwinobwino."

Boyd anakweza mapewa n'kuchoka panjira. "Ndiye muyende bwino. Mukakafika kumwamba mukawapatse moni ababa. Komatu wailesi ikuti Lachiwiri kugwa chipale, musakachedweko."

Kuchokera pamenepo msewu unayamba kuonda. Kumanzere kunali khoma la miyala, kumanja chigwa chotsetserekera kumtsinje. Nthambi zinayamba kukanda malata aja, kwee, kwee, ndipo pa kukanda kulikonse mayi Lorna ankatsinzina. Nkhani za chimbalangondo ndi chiwaya zinali zitatha. A Wendell ankangoyang'ana kutsogolo, akupemphera chamumtima kuti Boyd akhale wabodza kamodzi kokha m'moyo wake. Atayenda mtunda wa mailosi imodzi anapeza kuti Boyd sananame. Msewu unali utadyedwa ndi madzi, pakati pake pali chiphompho choti nyumba n'kulowamo. Anazimitsa injini. Kunamveka mtsinje wokha kumunsi.

"Malo abwino aja ndi ano?" anafunsa mayiwo.

"Tatengani ndowa mukaone ngati pali potsikira kumtsinje. Ine ndiwongole zinthu pang'ono."

Mayi Lorna anatsika, anatenga ndowa, koma sanachoke msanga. Anaima pawindo, dzanja lili pachitseko. "Mundidikire, Wendell. Sindichedwa."

"Pitani, pitani, dzuwa likupita."

Atangozimiririka m'mitengo, a Wendell anapuma mozama n'kuliza injini. Maganizo awo anali akuti chimene chinawalepheretsa padamu paja anali maso a anthu. Tsopano maso kulibe. Anajambula ndi chala pafumbi la padashibodi, mzere wa galimoto, mzere wa kalavani, ngodya yapakati. Analowetsa giya yobwerera. Mapazi asanu oyamba anayenda bwino kwambiri moti anamwetulira okha. Anayamba kuganiza mmene adzaimire pabwalo paja pamaso pa Boyd, chigongono chili pawindo. Ndi nthawi imeneyo pamene anaona pagalasi kuti kalavani yayamba kupendekera kuchigwa. Anakhotetsa kuti ibwerere, ndipo inapita komweko mwachangu. Anakhotetsa kwambiri, inapitiratu. Tayala lakumanja linaponda dothi lofewa la m'mphepete, dothilo linagumuka, chitsulo chokokera chinalira n'kuthyoka, ndipo ntchito ya zaka ziwiri inatsetsereka pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, mpaka kukatsamira mitengo iwiri ya paini kumunsi kwa msewu. Mkati munamveka mbale zikusweka imodzi ndi imodzi.

Kenaka kumbuyo kunamveka ndowa ikugwa.

Mayi Lorna anatsetsereka ndi matako mpaka pamene panali kalavani, a Wendell akuwatsata. Chitsulo chogwira matayala chinali chitapindika. Mbali ya chitseko ndi imene inakanirira kumitengo, moti panalibe polowera. Mayiwo anakwera pamwala n'kusuzumira pawindo. Makatani achikasu anali kulendewera chammbali, ndipo thabwa lija linkaoneka bwinobwino, mizere yake yonse ilipo, pafupi koma posafikika.

"Lorna," anatero a Wendell. "Ine sinditha. Kubweza ngolo sinditha. Sindinathepo chibadwire."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa chiyani?"

"Chimene mwanenachi. Tsiku la padamu lija ndinali m'boti momwemo, mwaiwala? Ndipo alipo munthu wa mutu wake amene amakankha ngolo ya zinyalala ndi manja zaka makumi atatu ndi zisanu, ati msana?"

"Nanga bwanji osanena nthawi yonseyi?"

"Ndimadikira kuti munene ndinu! Ndimati ndikayamba ine, muchita manyazi." Apa misozi inatsika. "Ine ndinayamba kubweza ngolo za udzu ndisanakwane zaka khumi ndi ziwiri. Mapazi makumi awiri aja ndikanabweza ndi dzanja limodzi. Ngakhale pano, mukanandidikira, ndikanaitsitsa mpaka pabwalo paja. Ndinaona zonse, Wendell. Pamphambano ndinaona, kwa Boyd ndinaona, potenga ndowayi ndinaona. Ndinangoti ndisamuchotsere ulemu mwamuna wanga."

Anakhala pansi onse awiri pamasamba a paini, wina uku wina uku. Zinali zomvetsa chisoni, ndipo ndinene mosabisa, zinali zopusa. Anthu awiri okondana, ogona pabedi limodzi, anasunga chinsinsi chimodzi chomwecho m'nyumba imodzi, aliyense akumubisira mnzake.

Pobwerera, mayi Lorna ndi amene anakhala pachiwongolero. Panalibe potembenukira ngakhale pikapu yokhayo, choncho anaibweza chafutambuyo mailosi yonse ija, dzanja limodzi lili pachiwongolero, lina pamsana pa mpando, osakhudza ngakhale nthambi imodzi. Boyd anali akadali pabwalo paja, akumanga nkhuni zake. Ataona pikapu ikubwera chammbuyo, yopanda kalavani, anatsegula pakamwa kuti aponye yake. Kenaka anaona nkhope ya mlongo wake, ndipo anangovula chipewa.

Mwini galimoto yokoka zinzake anati masiku amenewo ali pa mpanipani ndi alenje otitimira m'matope, koma Lolemba m'mawa akhala ali komweko. Lolemba linkaoneka tsiku labwino, poti chipale anati Lachiwiri. Tsoka ilo, mitambo simvera wailesi. Chipale chinayamba Lamlungu anthu akutuluka m'tchalitchi, ndipo pofika Lolemba kumtunda kuja chinali cha m'chiuno. Anadikira kuti mwina chisungunuka, china chinagwera pamwamba pake. Pa 1 Novembala oyang'anira nkhalango anatseka geti monga momwe chikwangwani chinanenera.

Nyengo yozizira kuno ndi yaitali, ndipo anthu amasowa nkhani. Iyi inawakwanira mpaka Malichi. Oyenda pa njinga zamoto zapachipale anaona chinthu chonyezimira m'chigwa, anachijambula, ndipo chithunzicho chinakhomedwa pakhoma m'sitolo yogulitsa zakudya za ziweto. Malowo anayamba kutchedwa "Pa Wendell". Amuna a ndevu amene kale ankanjenjemera m'kalasi mwawo ankawaimitsa papositi ofesi n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Aphunzitsi, tamva munakayeza kuya kwa chigwa. Yankho linatuluka bwanji?" Manyazi amene anawathawa pamaso pa munthu mmodzi anawapeza pamaso pa tauni yonse.

Koma zimenezo a Wendell akanapirira. Chimene chinkawadya chinali cha m'nyumba. Mayi Lorna sanawanyoze ngakhale tsiku limodzi. Ankaphika, ankaseka nthabwala zawo, ankawakumbutsa mankhwala a bondo. Kungoti chipale chikayamba kugwa, ankaima pawindo la kukhitchini, kapu ili m'manja, akuyang'ana kuphiri. A Wendell, munthu wa masamu, ankadziwa chimene akazi awo akuwerengera: kulemera kwa chipale pa denga lopyapyala lija. Iwonso anali atawerengera kale, ndipo yankho lake silinali labwino.

Geti linatsegulidwa mu Juni. Anapita atatu, ndi lole ya Boyd ndi zingwe zake, chifukwa nkhalango ndi yaulere kugonamo koma si dzala, chimene walowetsa umatulutsa wekha. Anaipeza kalavani ili pomwe anaisiya, denga litalowa mkati ngati chitini chopondedwa. Makatani achikasu anali atada ndi nkhungu. Matabwa atsopano aja anali atatupa n'kung'aluka. Panalibe chokonza. Mayi Lorna anaima pamsewu manja ali m'matumba, ndipo sanafune kutsika.

A Wendell anatenga sowo m'lole, anatsika okha, n'kukwawira mkati kudzera pamene denga linang'ambika. Anakhalamo nthawi, akutsokomola ndi kutukwana motsitsa, zimene sanazichitepo pamaso pa anthu. Anatuluka malaya atang'ambika, chipumi chikutuluka magazi, atanyamula chidutswa cha thabwa chotalika ngati mkono. Mbali ya kumunsi, ya zaka zaubwana, inali itamira m'madzi miyezi yonseyo n'kuwola. Mizere ya Lorna wa zaka zisanu ndi Boyd wa zaka zitatu inanyenyeka m'manja mwawo pamene ankayesa kuichotsa. Chimene chinatsala chinali chakumwamba chokha, mizere inayi yomaliza ndi mawu aja a mkuluyo.

Anakwera nalo mpaka pamsewu n'kulipereka kwa akazi awo ndi manja awiri. "Ndi lokhali, Lorna. Zinazo ndakuwonongerani ndine. Pepani."

Boyd anasuzumira paphewa pa mlongo wake n'kuwerenga mokweza. "'Lorna wakwiya.' Hii, koma ababa! Anaziwoneratu zimenezi."

Mayi Lorna anaseka, kusekako kunasanduka kulira, kulirako kunabwereranso kukhala kuseka. Anamumenya Boyd ndi thabwa lomwelo paphewa. Kenaka anatembenukira kwa amuna awo, akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Loweruka m'mawa, pabwalo loimikapo magalimoto kusukulu. Boyd, ubweretse ngolo ya mahatchi."

"Anthu adzaona," anatero a Wendell mwachizolowezi.

"Chatsala n'chiyani choti aone?"

Boyd anabweretsa ngolo, anabweretsanso mpando wopinda ndi fulasiki ya khofi, ndipo poti pakamwa pake sipasunga kanthu, anthu pafupifupi makumi atatu anapezeka kuti ali ndi zochita pafupi ndi sukulu m'mawa umenewo. Mayi Lorna anaimika zidebe ziwiri, n'kuima pawindo la pikapu.

"Zojambula pafumbi zija muiwale. Dzanja ligwire pansi pa chiwongolero, osati pamwamba. Komwe mukufuna kuti matako a ngolo apite, dzanja lipite komweko. Pang'onopang'ono, ngati mukuyendetsa nkhalamba. Ikayamba kupindika, imani, pitani kutsogolo, yambaninso. Palibe amene akukuthamangitsani."

"Basi?"

"Basi. Ababa anandiuza zomwezo, mawu ake omwewo."

Ulendo woyamba anagunda chidebe, anthu anaombera m'manja. Wachiwiri anagunda china, Boyd anapempha kuti wina aitane ambulansi ya zidebe. Wachisanu, ngolo inalowa pakati pa zidebezo mowongoka, ndipo inalowanso kachisanu ndi chimodzi. A Wendell anayang'ana wotchi. Phunziro lonse linatenga mphindi makumi anayi. Anthu ankaimba likhweru ndi kumenya pabonati, koma iwo sanatsike msanga. Anakhala m'galimotomo, manja ali pachiwongolero, akuyang'ana pagalasi ngolo ya eni itaima bwinobwino pamene anaifuna.

Chaka chimenecho anakagona kudambo la a Haugen m'tenti yawo yakale. Mafuwa anawapeza ali pomwepo, mtsinje uli pomwepo, ndipo sanalipire olo senti. Podutsa pamphambano paja a Wendell anaimitsa pikapu, anatsika, n'kuyenda kuchokera pamene anaima tsiku lija kufika pakanjira kobisika ndi timitengo. Anawerenga mapazi mokweza. Anakwana makumi awiri ndendende. Chidutswa cha thabwa chija lero chili pakhoma kukhitchini kwawo, m'mbali mwa windo loyang'ana kuphiri, ndipo shedi ili pululu.

Mlendo akafunsa za thabwalo, a Wendell amafotokoza okha nkhani yonse osadumpha kanthu, mayi Lorna n'kuwonjezera kuti mbewa za manyazi m'nyumbamo zinali ziwiri. Akuluakulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.